Ziboliboli za ku Senga Bay kapena mbale za ku Dedza?

Ku Senga Bay anyamata osema amayala katundu wawo m'mbali mwa msewu: njovu, mabawo ndi mipando ya mafumu ija ya matabwa awiri olowetsana. Mtengo woyamba umene angatchule si weniweni ayi, nenererani, iwonso amadziwa kuti munenerera. Chenjerani ndi zakuda bii. Phingo weniweni amalemera kwambiri, pomwe thabwa wamba lopakidwa polishi wa nsapato limapepuka ndipo limadetsa chala mukalikhula. Lina amasema lisanaume bwino, limadzang'aluka lili kale pabalaza panu.

Ku Dedza Pottery, komwe anayamba kuumba mu 1987, kunenerera kulibe, mtengo analemberatu. Makapu ndi mbale zake amaziwotcha mu uvuni, zimatuluka zosalala, moti tiyi mumamweramo tsiku lililonse, pomwe chiboliboli ntchito yake n'kukongoletsa basi. Vuto ndi ulendo: mbale ikagwa m'minibasi, yathera pomwepo.

Wopita kutali ine ndingamuuze atenge mpando wa mfumu, chifukwa umasoloka pawiri n'kugona bwino m'galimoto. Wodutsa pa M1 ndi galimoto yake aime pa Dedza, auze ogulitsa amukutire mbalezo m'mapepala.