Chiwaya chosamatira cha masentimita 20 chokhala ndi chivundikiro chagalasi: chimakazinga bwanji dzira?

Chiwayachi ndi cha aluminiyamu, m'kati mwake anakutamo PTFE, ija ambiri amaidziwa ndi dzina loti Teflon. Chivundikiro chake ndi chagalasi, chili ndi kabowo kotulukira nthunzi. Chimakwana bwino mazira awiri. Atatu amalowa ndithu, koma amagwirana n'kukhala chigamba chimodzi chovuta kutembenuza.

Vuto lalikulu pokazinga dzira ndi loti choyera ndi chachikasu sizipsa pa kutentha kofanana. Choyera chimayamba kugwirana cha pa madigiri 62 mpaka 65 a Celsius, chachikasu chimayamba kulimba cha pa 65 mpaka 70. Kusiyanako n'kochepa kwambiri, ndipo moto umachokera pansi pokha. N'chifukwa chake pansi pa dzira pamatha kupserera pomwe choyera chozungulira chachikasu chidakali chanandananda ngati chimfine. Chivundikiro ndiye chimathetsa vutoli, ndipo apa m'pamene chiwayachi chimaposa zina.

Tenthetsani chiwaya pamoto wapakati kwa mphindi imodzi, ikani supuni yaing'ono imodzi ya batala kapena mafuta ophikira. Swerani dzira m'kapu kaye, osati m'chiwaya, kuti chachikasu chisasweke komanso muone ngati chigoba chagweramo. Likhuthuleni pang'onopang'ono pafupi ndi chiwaya. M'mphepete mukangoyera, thirani supuni yaing'ono ya madzi pambali, vundikirani, chepetsani moto. Pakatha mphindi imodzi ndi theka kapena ziwiri, choyera chonse chimakhala chagwirana, chachikasu chidakali chamadzi. Ubwino wa galasi ndi woti simufunika kuvundukula kuti muone. Mukaona kachifunga koyera kayamba kuphimba chachikasu, chotsani pamoto pomwepo, chifukwa masekondi 30 ena chilimba.

Kutembenuza nako n'kosavuta, dzira limatsetsereka lokha mukangopendeketsa chiwaya. Masekondi 20 kapena 30 mbali yachiwiri amasiya chachikasu chikuyenderera, mphindi imodzi chimakhala chothina ngati phala, mphindi ziwiri chalimbiratu. Gwiritsani chotembenuzira cha silikoni kapena chamtengo. Chachitsulo chimakanda PTFE, ndipo pokandika m'pamene dzira limayamba kumatira.

Pamene chiwayachi chimalephera ndi pa dzira lija la m'mphepete mokhutchuka, lofiirira, lokazingidwa m'mafuta otentha kwambiri omwe mumatunga ndi supuni n'kumathira pamwamba pake. Kukazinga kotero kumafuna moto waukulu, koma PTFE imayamba kuwonongeka ikapitirira madigiri 260, ndipo chiwaya chopyapyala chopanda kanthu chimafika pamenepo m'mphindi zochepa. Utsi wake umapha mbalame zoweta m'nyumba. Amene amakonda dzira lotere agule chiwaya chachitsulo cholemera. Pansi pa chiwaya cha aluminiyamuchi ndi popyapyala, kotero pa sitovu ya gasi sipatentha mofanana ponseponse. Chogwirira chimagwedezeka pakapita miyezi, koma ndi sikulu imodzi yokha yofunika kumanga. Musachitsuke ndi sitiliwulu, ndipo musachithire madzi ozizira chikadali chotentha, chimapindika pansi. Ngati sitovu yanu ndi ya indakishoni (yamagetsi yotenthetsa chiwaya ndi mphamvu ya maginito), yesani ndi maginito musanagule: akapanda kumamatira pansi pake, sichitentha.

Nanga chachikasu chamadzicho, n'chabwino kudya? Chiwaya sichingayankhe funsoli, ngakhale chikhale chodula motani. Tizilombo ta Salmonella Enteritidis timatha kulowa m'dzira likadali m'thupi mwa nkhuku, chigoba chisanapangike. Choncho dzira looneka loyera, losasweka, likhoza kukhala nato. Kuti tife msanga pamafunika kutentha kwa madigiri pafupifupi 71, ndipo pofika pamenepo chachikasu chimakhala chalimba kale. Chachikasu choyenderera ndi chizindikiro choti kutenthako sikunafike. Mazira ambiri alibe tizilomboti, n'chifukwa chake anthu ambiri amadya osadwala, koma simungalidziwe loipalo poliyang'ana kapena kulinunkhiza. Matenda ake ndi kutsegula m'mimba, kupotokola ndi kutentha thupi, ndipo amayamba pakati pa maola 6 ndi masiku 6 mutadya.

Malangizo amasiyana malinga ndi momwe nkhuku zikusamaliridwira. Ku America akuluakulu oona za chakudya amati phikani mpaka choyera ndi chachikasu zonse zilimbe. Ku Britain, mu 2017, bungwe la Food Standards Agency linalola kuti makanda, amayi oyembekezera ndi okalamba adye mazira osapsetsa, bola akhale ndi chidindo cha British Lion, chifukwa nkhuku zake zimalandira katemera wa Salmonella. Popanda chitsimikizo chotero, ana osakwana zaka 5, amayi oyembekezera, okalamba ndi omwe chitetezo chawo cha m'thupi chatsika apatsidwe dzira lopsa mpaka m'kati. Pali mazira ena amene amawatenthetsa ali m'chigoba kuti tizilombo tife popanda dzira kupsa. Amenewa ndi oyenera kwa wofuna chachikasu chamadzi koma osafuna chiopsezo.

Kwa wamkulu wathanzi amene wasankha kudya choncho, tayani dzira lililonse losweka, sungani mazira pozizira, ndipo musawatsuke n'kuwasunga, chifukwa madzi amachotsa kakhungu koteteza chigoba. Idyani dziralo likangophulidwa.

Chosangalatsa n'choti chivundikiro chomwechi chimathandizanso kupsetsa dzira la mwana popanda kuliumitsa ngati mphira. Boolani chachikasu ndi foloko, thirani supuni yaing'ono ya madzi, vundikirani mphindi zitatu pamoto wochepa, kenako dulani pakati muone ngati palibe ponyowa.