Helemeti yotseka chibwano kapena yotsegula kumaso: wakabaza agule iti?

Mu 2020 ku Bahrain, galimoto yampikisano wa Formula 1 imene ankayendetsa Romain Grosjean inawomba zitsulo za m'mbali mwa msewu ndi mphamvu ya 67g (kutanthauza kulemera kwa thupi lake kuchulukitsa ka 67), koma iye anatuluka atangopsa manja. Dalaivala wina wa mpikisano womwewo, Jules Bianchi, anawomba chigalimoto chochotsera magalimoto owonongeka ku Suzuka ku Japan mu 2014 atavala helemeti yapamwamba, komabe ubongo unawonongeka ndipo anamwalira mu July 2015. Mutu ukaima mwadzidzidzi, ubongo umapitirira n'kudzigunda ku chigaza. Mutu ukapotoka pogunda, timinyewa ta mkati timang'ambika. Ntchito ya helemeti ndi kutalikitsa nthawi yoimayo, ndipo imagwiridwa ndi thovu loyera lolimba la mkati, osati chigoba chonyezimira.

Yotsegula kumaso ndi yopepuka, mtengo wake ndi wotsika, ndipo mumamvana bwino ndi kasitomala. Vuto lake ndi lakuti munthu wogwa panjinga yamoto kawirikawiri amagwa chafufumimba, ndiye chibwano, mano ndi mphuno zimakhala pamtunda. Yotseka chibwano imateteza zonsezi. Imalemera pang'ono, ndipo m'chifunga cha m'mawa kuno ku Mzuzu galasi lake limachita nthunzi. M'malo moivula, siyani kampata pagalasi. Kwa woyenda mu M1 kudutsa Katoto ndi Luwinga pakati pa malole, yotseka ndiyo yoyenera.

Musanalipire, yang'anani kansalu kosokedwa palamba. Helemeti yoyesedwa pa muyezo wa chitetezo wa ku Ulaya wotchedwa ECE imakhala ndi chilembo E mkati mwa kamzere kozungulira. Nambala yaitali ya pakansaluko ikayamba ndi 05, ndi ya muyezo wakale, umene umafuna kuti mphamvu yofika kumutu isapyole 275g pa liwiro la makilomita 27 pa ola. Yoyamba ndi 06 inayesedwanso pogunda chopendekeka, pamene mutu umapotoka. Chilembo P chikutanthauza kuti chibwano chinayesedwa, J ndi yotsegula, pamene NP ndi ya chibwano chongokometsera.

Helemeti imene inagundapo mwamphamvu itayeni, ngakhale kunja ikuoneka yosalala, chifukwa thovu likaphwanyika silibwerera. N'chifukwa chake ya kaunjika ndi yokayikitsa. Lamba amangidwe mpaka zala ziwiri zokha zilowe pansi pa chibwano, apo ayi imavuka mutu usanafike pansi. Chipewa cha amisiri omanga musachiwerengere n'komwe: chinapangidwira njerwa yogwa kuchokera pamwamba, ndipo thovu lija mulibe.