War Thunder: aliyense akulira F-22, koma ine ingondipatsani Cheetah ndi ka Hilux

Ndakhala ndikusewera War Thunder kwa zaka zingapo tsopano ndiye ndati lero ndilembeko momwe ndikuiwonera, makamaka nkhani ya magalimoto ankhondo ndi ndege zomwe anthufe timangokhalira kupempha kuti atiikire, chifukwa apudeti iliyonse ikamayandikira phokoso lake limakhala lomwelomweli, wina akufuna ndege ya F-22, wina ya F-35, wina akuti bweretsani ndege zikuluzikulu zoponya mabomba zija za nthawi ya Cold War, wina sitima zoyenda pansi pa madzi, ndipo aliyense amalankhula ngati kuti chake chikangolowa basi gemu yakonzeka.

Kwa amene simukuidziwa, ndi gemu ya Gaijin Entertainment, inayamba 2012 ili ya ndege zokhazokha, akasinja anabwera 2014, kenako 2018 ma helikopita ndi zombo. Kudawuniloda ndi ulere, ili pa kompyuta, PlayStation ndi Xbox. Mayiko akuluakulu alimo 10, America, Germany, USSR, Britain, Japan, China, Italy, France, Sweden ndi Israel, ndipo zida zonse pamodzi zinadutsa kale 2,500. Tangoganizani, 2,500, koma anthu akadali ndi njala.

Chomwe ndimaikondera ndi choti mulibe zija za kamzere ka moyo kamene kamangotsika ukamaombedwa. Chipolopolo chikaboola chitsulo umaona pa kakanema kapakona momwe chalowera, chapha dalaivala, chathyola injini, kapena chakhudza pomwe pali zipolopolo ndiye kasinja yense phuu mutu wake kuuluka m'mwamba. Ukaomba pamalo polakwika chimangonjanja kuti ngwee ndipo mnzakoyo amatembenuka pang'onopang'ono kukuyang'ana, apa umadziwiratu kuti zako zada. Zimenezi ndi zomwe zimapangitsa kuti anthu azikangana kwambiri za zida zenizeni, chifukwa mamilimita a chitsulo amagwiradi ntchito mugemumu.

Ndipo kukangana kwake si kwamasewera ayi. Mu Julaye 2021 munthu wina anaika pa intaneti masamba a buku lachinsinsi la kasinja wa Britain, Challenger 2, pofuna kungotsimikiza kuti opanga gemu analakwitsa kapangidwe ka kutsogolo kwa mutu wake. Chaka chomwecho wina anachitanso chimodzimodzi ndi Leclerc wa France, mkangano wake unali woti mutu wa kasinjayo umazungulira mwachangu bwanji, 2022 kunatulukanso za chipolopolo cha akasinja a China. A Gaijin amangofufuta n'kunena kuti zinthu zachinsinsi sangazigwiritse ntchito ngakhale atazilandira. Ndiye munthu kuika ntchito yake pachiswe, mwinanso ndende, kulimbirana gemu, eeh koma abale. Apa ndi pomwe ine ndimaseka anthu a F-22 ndi F-35, chifukwa ndege zimenezi zambiri zake n'zobisika, radar yake, momwe imazembera radar ya adani, ndiye akaiika aziyerekeza chabe, ndipo tsiku lomwelo theka la anthu liziti aifooketsa dala pomwe theka linalo likuti ndi yamphamvu mopyola muyeso.

Komanso taonani mbiri yake. Anthu analira F-14 Tomcat zaka ndi zaka, inabwera mu Juni 2022 ndi mizinga yake ya Phoenix ija yoomba uli kutali. Miyezi sikisi yokha, Disembala, kwabwera F-16 ndi MiG-29. Disembala 2023 F-15, Su-27 ndi Gripen. Disembala 2024 Eurofighter ndi Rafale. Chilichonse chikafika anthu amasangalala masabata awiri kenako ayambanso kuloza chapatsogolo, ndipo ndege ija munkaifera ija yasanduka chakudya cha zatsopanozi. Nkhondo za pamwambapo nazonso kunena zoona sizindisangalatsa, umanyamuka, kukwera, chenjezo la radar kuyamba kulira, mizinga ili balala mlengalenga ndipo mphindi zitatu zisanathe uli kale mu hangar osamuona n'komwe amene wakuphayo. Pomwe ndi ndege zakale ngati Spitfire kapena Bf 109 mumazungulirana ndithu mpaka thukuta m'manja.

Za ndege zikuluzikulu zoponya mabomba ndiye musandiuze. B-29 ndi Tu-4 zilimo kalekale, kafunseni amene amaziulutsa. Umakwera mphindi teni ukuyang'ana mitambo, kandege kamodzi kakubwerera kumchira, mapiko thyoo. Chimene anthu akufuna si ndege yatsopano kwenikweni, akufuna masewero amene ndege yoponya mabomba ingakhale ndi ntchito, mapu aakulu, zolinga zomveka, anzako okuperekeza. Popanda zimenezo ngakhale atakupatsani chachikulu bwanji chizingokhala chandamale chonenepa.

Nthawi zina a Gaijin amamvera ndithu, tisawanamizire. Sturmtiger, chija cha Germany choponya roketi ya 380 mm, chinabwera 2022 pa chikondwerero cha zaka 10, ndipo TOG II, chikasinja chachitali ngati basi cha matani 80 chomwe chenicheni chili ku myuziyamu ya Bovington, chinabwera 2023. Zonsezi anthu ankazipempha mwanthabwala ndipo zinabweradi. Koma zimabwera ngati mphoto ya event, masiku owerengeka, ukaphonya waphonya. Ine TOG II ndinaiphonya chifukwa sabata imeneyo magetsi kwathu amangoti akayaka 11 koloko usiku pofika m'mawa azima, ndipo ka laputopu kanga batire yake inafa kalekale, moti magetsi akangothima pakati pa nkhondo gemu imandiwerengera ngati ndathawa n'kunditsekera ma crew, asilikali oyendetsa zida zanga, kwa mphindi zingapo. Mbali inayi anachotsanso zina, 2019 akasinja a Germany, Panther II, Tiger II ya mfuti ya 10.5 cm ndi Coelian anazichotsa pa mndandanda wa zida zomwe umatsegula posewera poti sizinapangidwepo momwe zinalili mugemumo, Maus nayo ya matani 188 ija anaibisa, imangotulukira nyengo ya chikondwerero mu Novembala. Ndiye lamulo loti chida chikhale choti chinapangidwadi lilipo, ngakhale aliyense wosewera angakulozereni pomwe lamuloli analipinda.

Tsopano zanga. Apudeti yomwe inandigwira mtima ine ndi Ixwa Strike ya Malichi 2021, pomwe anaika zida za South Africa mkati mwa mtengo wa Britain, ndiye kuti mndandanda wa zida za dzikolo. Eland 90, Ratel 90, Ratel 20, Rooikat, Olifant, kenako kunadzabwera G6 ya mfuti ya 155 mm ija, helikopita ya Rooivalk, ngakhale Gripen ya South Africa ilimo. Kwa ife a kuno kumwera kwa Africa zinali zachilendo kuona zinthu zomwe zinamenyadi nkhondo pafupi ndi kwathu osati za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ku Kursk ndi Normandy zokhazokha. Ma Ratel 90 amenewa ndi omwe anakumana ndi ma T-54 ndi T-55 a Angola pa mtsinje wa Lomba mu Okutobala 1987, nthawi ya nkhondo ya Cuito Cuanavale, galimoto yonyamula asilikali kulimbana ndi akasinja enieni m'tchire lowirira. Sindikuchemerera boma la tsankho lomwe linkazitumalo ayi, mbiri yake tonse tikuidziwa ndipo anansi athu a ku Mozambique ndi Zambia analawa mabomba ake, koma ngati makina, ndi zinthu zopangidwira mchenga, minga ndi mabomba okwirira a kuno, n'chifukwa chake zili za matayala komanso zazitali chonchija.

Kutalikako mugemu ndi tsoka. Ratel ndi chibasi, sungabisale nayo kuseri kwa kanthu, kubwerera m'mbuyo ndi ulesi wokhawokha, ndipo tsiku lina pa mapu ena a m'tauni ndinaima bwinobwino kuseri kwa khoma ndikudziona ngati wochenjera, osadziwa kuti denga lonse likuonekera pamwamba, wina anangondithira machine gun ya .50 m'mbali anthu anga onse kugona. Koma Eland, aaa, kagalimoto kakang'ono ngati Vitz kosenza mfuti ya 90 mm, umazemba nako m'mbali mwa mapu n'kukabisala pa chitsamba, Tiger II ikudutsa osakuona, chimodzi cham'mbali basi yapsa. Ndi Fox yomwe anaiika 2024, ya mfuti ya 30 mm RARDEN ndi injini ya Jaguar, imathamanga kudutsa makilomita 100 pa ola ndipo imagubuduka ukakhota mopusa, ndagubuduka nayo kangapo popanda ondiomba. Chosangalatsa n'choti Fox ndi Eland ndi magalimoto omwe asilikali athu a Malawi anakhalapo nawo, moti mphwanga atandiona ndikusewera anati achimwene imeneyo si ija timaiona pa perete, ndiye ndinangoti eya yomweyo, ikani ulemu.

Ndiye pempho langa loyamba ndi Atlas Cheetah. Iyi ndi ndege ya Mirage III yomwe South Africa inaikonzanso itatsekeredwa kugula zida ndi United Nations mu 1977, mothandizidwa ndi Israel, n'chifukwa chake imafanana kwambiri ndi Kfir ya ku Israel, timapiko tating'ono kutsogolo ndi mphuno yaitali. Anaionetsa 1986, anaipumitsa 2008 Gripen itabwera, zina anagulitsa ku Ecuador. Palibe chachinsinsi chodetsa nkhawa, abale ake Mirage ndi Kfir ali kale mugemu, ikhoza kukhala pakati bwinobwino osaphwanya kalikonse. Pambali pake Mirage F1AZ, yoponya mabomba ija. Chachiwiri EE-9 Cascavel ya ku Brazil yomwe Zimbabwe inagula zaka za m'ma 1980, matayala sikisi, mfuti ya 90 mm, mtundu womwewo wa zinthu zomwe ndimasangalala nazo. Chachitatu ndege za Galeb ndi Jastreb za Yugoslavia, zomwe Zambia inaulutsapo nthawi ya ubwenzi wa Kaunda ndi Tito, ndipo apa ndimagwirizana ndi anthu omwe akhala akupempha mtengo wonse wa Yugoslavia, kapena wa Poland ndi Czech, chifukwa kumeneko kuli zida zawozawo osati kungotenga Sherman kapena Leopard 2 yomweyo n'kuimata mbendera ina. Kukopa ndi kumata kumeneku kwachuluka, ukalowa nkhondo umapeza Leopard ikuombana ndi Leopard, F-16 mbali zonse ziwiri, sudziwanso kuti mdani ndi uti ukapanda kuona mtundu wa dzina.

Ndipo chomwe ndimachifunitsitsa, musaseke, ndi pikapu. Toyota Hilux kapena Land Cruiser yokhala ndi mfuti kumbuyo. Mu 1987 asilikali a Chad anathamangitsa akasinja a Gaddafi ndi ma pikapu omangirira mizinga ya MILAN mpaka nkhondoyo inatchedwa Toyota War, ndiye musandiuze kuti si chida chankhondo. Mugemu muli kale malole onyamula mfuti ngati Bosvark ndi Ystervark, palibe chingalepheretse. Mwina vuto ndi chilolezo cha dzina la kampani, kaya, koma angoichotsa chizindikiro tonse tiziidziwabe.

Koma vuto lenileni ndi ili anzanga. Chida chomwe mukupemphacho chikabwera, mudzachifika liti? Gemuyi ndi chigayo. Kuti utsegule chida chimodzi chapamwamba pamafunika ma RP (mapointi omwe umapeza posewera) mazana a masauzande, ukatero ugulenso ndi Silver Lions, ndalama za mugemumo, uphunzitse crew, kenako uyambe nacho chili chosakonza, chopanda zipolopolo zabwino, ukuphedwa ngati nkhuku. Njira yachidule ndi premium, zida zogula ndi ndalama zenizeni, ndipo zapamwambazo zimafika madola 70 kapena kuposa, galimoto imodzi ya mugemu, sinthani nokha mu makwacha pa reti ya pamsika muone ngati si lendi ya nyumba, osanenanso za mavuto olipira ndi khadi kuchokera kuno. Mu Meyi 2023 anthu anatopa nazo, anakhamukira pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, kukaipatsa gemu ndemanga zoipa masauzande, mpaka kampani inabweza zosintha zomwe inkafuna ndipo mu Juni inatulutsa ndondomeko yokonza zinthu. Mitengo yokonzetsera zida inatsikadi, pano sulowanso m'ngongole chifukwa chophedwa ngati kale, apo ndiwayamikire. Koma kugaya kukadalipo, ndipo apudeti iliyonse yoonjezera zapamwamba ikutalikitsa msewu kwa wongoyamba kumene.

Pali nkhani ya BR, nambala yomwe imasankha kuti ukumane ndi ndani. Umatha kuponyedwa ndi adani okuposa ndi 1.0 yathunthu, ndipo poti zida zachuluka koma manambala sakutambasuka mokwanira, kasinja wa 1945 amapezeka akuthamangitsidwa ndi mizinga yolondolera ya zaka makumi awiri kutsogolo. Kuonjeza zida zatsopano osatambasula manambalawa kuli ngati kondakitala woti minibasi yadzaza kale koma akuitanabe anthu, four four mpaka pa injini.

Kwa ife a kuno onjezanipo netiweki. Seva ya ku Africa kulibe, timasewera ya ku Europe, ping yanga, kuchedwa kwa uthenga pakati pa ine ndi seva, imazungulira mamilisekondi 200 zinthu zikakhala bwino, pa akasinja umapirira koma pa ndege za jeti umaomba pomwe mdani anali kale. Gemu yake ndi ma GB makumi angapo ndipo apudeti yaikulu ikatuluka bandulo ya mwezi imatha usiku umodzi, ine ndimachita kunyamula laputopu kupita kwa mnzanga wina amene ali ndi WiFi ya kuntchito, kumugulira ka Fanta basi nkhani yatha. Kusewera kwenikweniko sikudya data yambiri, ndi ma apudetiwa.

Pa 10 ndiipatsa 7. Ngati mukufuna kuyamba, yambani, musalipire kanthu miyezi yoyamba, khalani pa BR ya pakati pa 3 ndi 7 pomwe pali kukoma konse, ndipo ngati mumakonda timagalimoto tothamanga tengani Britain mutsike mzere wa South Africa, mungopirira ndi Ratel. Ine ndatsala ndi ma RP ochepa kuti nditsegule Rooikat, ndiye ngati magetsi akhalepo Loweruka lino mundipeza kumeneko.