Gulu la mumlengalenga: kulamulidwa kuchokera pansi kapena kudziyendetsa lokha?

Okonza maulendo aatali a mumlengalenga amasankha pakati pa njira ziwiri. Yoyamba, gulu la anthu a m'chombo limatsatira ndandanda yochokera kwa oyang'anira ali padziko, monga a bungwe la NASA ku Houston, ku America. Yachiwiri, gulu limadzigawira lokha ntchito, mtsogoleri ali momwemo.

Kulumikizana: ISS, siteshoni ya mumlengalenga yozungulira dziko lathu, ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400, mawu amafika pompopompo, choncho njira yoyamba imayenda bwino. Koma uthenga wopita ku pulaneti la Mars umatenga mphindi 3 mpaka 22. Moto utabuka, ndani angadikire yankho?

Kupewa zolakwika: oyang'anira ndi ambiri, amaona zomwe munthu wotopa saziona. Gulu lodziyendetsa limadalira mitu yochepa.

Mtima wa anthu: apa m'pamene pagona nkhani. Mu 1973, gulu la Skylab 4, ulendo wa anthu a ku America wopita ku siteshoni ya mumlengalenga, lidadandaula kuti ndandanda yochokera pansi ikulipanikiza, mpaka mbali ziwirizo zidakambirana n'kuifewetsa. Komatu ufulu nawo uli ndi minga yake. Anthu akasemphana m'kachipinda kothina, miyezi ikupita, wowayanjanitsa amayenera kuchokera pakati pawo pomwepo.

Ozungulira dziko lathu, njira yoyamba ikuwakwanira. Opita ku Mars afunika yachiwiri, ndipo akhale anthu ophunzitsidwa limodzi mpaka kudziwana zofooka.