Louis Vuitton kapena Coach: chikwama chiti chikuyenera ndalama zanu?

Anzanga ambiri akasunga ndalama zoti agule chikwama chawo choyamba cha dzina lotchuka, amabwera ndi funso limodzi: Louis Vuitton kapena Coach? Ine ndanyamulapo zonse ziwiri kwa zaka ndithu, ndipo ndimayamba kuwauza chinthu chimene ambiri amachidziwa atalipira kale. Chikwama cha Louis Vuitton chija cha zilembo za LV ndi timaluwa si chachikopa ayi.

Ndi nsalu ya thonje yokutidwa ndi pulasitiki. Chikopa chili pa zogwirira, m'mphepete ndi pa timalamba basi. Musaganize kuti akukupusitsani, chifukwa nsaluyi ili ndi mbiri yake. Louis Vuitton anatsegula malo ake ku Paris mu 1854 ngati mmisiri wa mabokosi a paulendo, ndipo bokosi lokwezedwa m'sitima linkafunika chokutira chopepuka, chosalowa madzi. Amene anabweretsa zilembo zija ndi mwana wake Georges, mu 1896, pofuna kugonjetsa anthu okopera. Mpaka lero nsaluyo imagwiradi ntchito yake. Speedy, imene inatuluka mu 1930, ndi Neverfull ya mu 2007, ndi zikwama zopepuka zedi. Mutha kulongedzamo kompyuta, botolo la madzi ndi zina zonse za tsikulo, phewa n'kumangomva katundu yekhayo osati chikwamacho. Chikada mumangopukuta ndi kansalu konyowa, zatha.

Pamene pamafunika mtima wodekha ndi pa zogwirira. Chikopa chake amachitcha vachetta, cha ng'ombe, chosapakidwa chilichonse chochiteteza. Chikakhala chatsopano chimakhala chotuwa ngati thabwa lopalidwa kumene. Pakapita miyezi, dzuwa ndi mafuta a m'manja zimachisandutsa mtundu wa uchi, ndipo pakati penipeni, pamene zala zimagwira tsiku ndi tsiku, pamadera kuposa m'mbali. Ine mtundu umenewo ndimaukonda, umaonetsa kuti chikwama chayenda ndi mwini wake. Koma chikopa choterechi chimamwa chilichonse. Dontho la mvula likagwerapo chikadali chatsopano limasiya chizindikiro, mafuta odzola m'manja nawo amachidetsa msanga. Ngati ndinu munthu woti mitambo ikachita mdima mtima umakhala m'mwamba, sankhani Damier Ebene, ya timabokosi tofiirira ija. Chikopa chake n'chakuda kale komanso n'chotetezedwa. Dziwaninso ichi: zogwirira zikatha, kampaniyo imatha kuikapo zina mukalipira, koma nsalu yokutidwa ndi pulasitiki ikakalamba n'kuchita ming'alu m'malo opindika, palibe msoki angaibwezeretse mwakale.

Coach inayamba njira ina. Mu 1941, m'kachipinda kena ku Manhattan mumzinda wa New York, amisiri ochepa ankasoka zikwama za ndalama ndi manja. Chikopa chimene chinadzatchukitsa dzinali anachipanga potengera chitsanzo cha magolovesi a osewera mpira wa baseball, amene amafewa n'kumakongola akamagwiritsidwa ntchito. Bonnie Cashin atayamba kuwajambulira zikwama mu 1962 anabweretsa kachitsulo kotsekera kopotokola kaja, kamene kadakalipobe mpaka pano.

Chikopa chimenechi muyenera kuchigwira kuti mumvetse zimene ndikunena. Ndili ndi Coach yakale yofiirira, yopanda nsalu m'kati, moti ukatsegula umaona kuseri kwa chikopacho, kwa ubweyaubweya. Ikakalika ndi kiyi ndimapukuta pamalopo ndi chala chachikulu kangapo, mzerewo n'kuzimiririka. Ikauma ndimaipaka mafuta a chikopa madzulo, kukacha imakhala itatsitsimuka, kafungo ka chikopa katabwerera. Pali anthu amene amasaka Coach za m'ma 1970 ndi 1980, kuzichapa, kuziumika pamthunzi, kuzipaka mafuta, n'kuzinyamulanso zaka zina zambiri. Nsalu ya pulasitiki singapirire zotere. Kuipa kwake, chikopa chokhuthala chimalemera. Pofika madzulo phewa limadziwa kuti lanyamula kanthu.

Tsono bwanji anthu ena amachepetsa Coach pamene chikopa chake n'chotere? Nkhani yagona pa mbiri. Chiyambi cha zaka za m'ma 2000 kampaniyi inatulutsa nsalu ya zilembo za C, inagulidwa kwambiri, ndipo masitolo ake otsitsa mitengo, a outlet, anachuluka. Chikwama chikamapezeka paliponse, tsiku lililonse chili pa mtengo wotsitsidwa, ulemu wake umatsika nawo. Komanso, ndipo apa mumvetsetse bwino, katundu wambiri wa ku outlet si wotsala m'masitolo akuluakulu. Amapangidwira komweko mwadala, pa mtengo wotsika, kawirikawiri ndi chikopa chopyapyala ndi zitsulo zopepuka. Munthu akanena kuti Coach si yolimba, ndimayamba ndamufunsa kuti anaigula kuti. Stuart Vevers atayamba kutsogolera zojambula mu 2013 anabwezera maso pa chikopa, ndipo zikwama ngati Tabby zakokanso achinyamata amene kale ankati Coach ndi ya amayi awo.

Louis Vuitton mbiri yake imaisunga ngati dzira. Sitsitsa mitengo, ilibe outlet, ndipo zikwama zatsopano imagulitsa makamaka m'masitolo ake ndi pa tsamba lake la pa intaneti. N'chifukwa chake Neverfull yosamalidwa bwino mukafuna kuigulitsa patapita zaka, gawo lalikulu la ndalama zanu limabwerera. Coach yatsopano imatsika mtengo ikangotuluka pakhomo la sitolo. Komabe werengani bwino: ku America Neverfull ya saizi yapakati inadutsa madola 2,000, ndalama zoti mungagule nazo zikwama zachikopa za Coach zitatu kapena zinayi. Gawo lalikulu la kusiyana kumeneko ndi mtengo wa dzina, si wa ulusi ndi nsalu.

Za kumene zimasokedwa sindikhalitsapo. Louis Vuitton imasoka ku France, Spain, Italy ndi America, Coach makamaka ku Vietnam, Cambodia, Philippines ndi India. Amasoka ndi munthu, si dziko, ndipo mzere wa ulusi wowongoka ndauonapo pa zonse ziwiri.

Dzina lalikulu limakokanso akuba. Louis Vuitton ili m'gulu la zikwama zokoperedwa kwambiri padziko lonse, ndipo za feki zina n'zokongola moti pa chithunzi simungazizindikire. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine ndinapsapo ndi wogulitsa wina wa pa intaneti, ndipo zimandiwawabe. Patangotha miyezi itatu utoto wa m'mphepete mwa zogwirira unayamba kumatuka, zipi n'kumakakamira pakati. Zenizeni zakale zimakhala ndi kanambala kobisika m'kati kosonyeza malo ndi nthawi imene zinapangidwa, koma kuyambira mu 2021 kampaniyi inayamba kuika kachipangizo kosaoneka m'malo mwa nambalayo. Choncho wina akakuonetsani nambala pa chikwama chimene akuti n'cha chaka chino, bwezani ndalama m'thumba.

Mukandifunsa ine, chikwama chonyamula tsiku lililonse, choikidwa pansi mu ofesi, chokanikizidwa m'galimoto, ndimasankha Coach ya chikopa chokhachokha, yopanda zilembo, ya m'sitolo yaikulu osati ya ku outlet. Louis Vuitton ndimalangiza munthu amene akufuna chopepuka, amene amayenda maulendo pafupipafupi, kapena amene akudziwa kuti tsiku lina adzachigulitsa. Ndipo mukalowa m'sitolo, musathere nthawi yonse pagalasi. Tembenuzani chikwamacho muone makona a pansi, pamene chimayambira kutha. Kokani zipi kasanu konse. Yendetsani chala m'mphepete mwa lamba mumve ngati utoto wake uli wosalala, kenako ikanimo foni, makiyi ndi zonse zimene mwanyamula tsikulo, muyende nacho paphewa mpaka kumapeto kwa sitolo ndi kubwerera.