Kudyera m'mwamba ku London: Sky Garden, The Shard kapena Duck & Waffle?

Achibale akabwera kudzacheza ku London, ambirife timafuna kukawadyetsera pamalo poti aone mzinda wonse ali chikhalire. Malo otchulidwa kawirikawiri ndi atatu, ndipo ndi oyandikana moti wapansi amafika bwinobwino. Koma musanabuke, dziwani chimene mukulipirira, chifukwa m'malo oterewa ndalama zambiri zimathera pa zenera, osati pa mbale.

Sky Garden ili pamwamba pa nyumba ya 20 Fenchurch Street, ija anthu amati Walkie-Talkie, yotupa kumtunda kuposa pansi. Inatsegulidwa mu 2015 ndipo imatenga nsanjika 35 mpaka 37. Kulowa n'kwaulere, bola mubukiretu pa intaneti, ndipo matikiti a Loweruka ndi Lamlungu sachedwa kutha. Mukabuka tebulo ku Darwin Brasserie pa nsanjika 36, kapena ku Fenchurch Restaurant pa 37, tikiti ina sifunikanso. Pakhomo amasecha zikwama, choncho fikani nthawi ilipo. Ubwino wa malowa ndi kutakasuka. Mukatha kudya simukhala chomangika pampando: mumayendayenda pakati pa mitengo ndi maluwa, ana amathamangira ku magalasi, akuluakulu amapeza pokhala. Kumwera kuli khonde lapanja, pomwe mphepo imakuwombani mukuyang'ana mtsinje wa Thames, mlatho wa Tower Bridge kumanzere, The Shard ili njo patsidya. Nyengo ikaipa khondelo amalitseka, ndipo ku London nyengo kuipa si nkhani. Choipa chake ndi unyinji wa anthu. Phokoso la ojambula zithunzi limamveka ndithu, kotero ofuna kukambirana za ukwati mwakachetechete aganizire kaye.

The Shard, pafupi ndi siteshoni ya London Bridge, ndiyo nyumba yayitali kwambiri ku Britain konse, mamita 310, ndipo inamalizidwa mu 2012. Apa m'pamene ambiri amasokonezeka. Malo odyera sali kunsonga ayi. Aqua Shard ili pa nsanjika 31, Oblix pa 32, Hutong pa 33, kutanthauza kuti mumadyera m'munsi poyerekeza ndi amene ali ku Sky Garden. Kunsonga kwenikweni, nsanjika 68 mpaka 72, n'koonerako mzinda ndipo tikiti yake ndi yapadera. Chinanso n'chakuti mukakhala m'kati mwa The Shard, The Shard yeniyeniyo simuiona, pomwe mlendo wochokera ku Area 25 ndiyo akuifuna pa chithunzi chake. Komabe ndisainyoze. Magalasi ake amachoka pansi kukafika kudenga, tchalitchi chachikulu cha St Paul's chimaoneka bwino usiku magetsi atayaka, ndipo pachakudya Hutong, yophika za kumpoto kwa China, tsabola wake ndi weniweni. Valani zaulemu, osati za masewera. Mtengo ndi wokwera, ndipo tebulo la pazenera mumachita kupempha, salonjeza.

Duck & Waffle ili pa nsanjika 40 ya nyumba ya 110 Bishopsgate, pafupi ndi Liverpool Street. Chikepe chake ndi chagalasi, chokwera kunja kwa khoma, ndipo amantha amagwira mkono wa mnzawo msewu ukamachepa pansi pa mapazi. Kumtundako nyumba ya Gherkin, ija yagalasi yooneka ngati chipolopolo, mumaionera pafupi. Malowa anatchuka ndi kutsegula usana ndi usiku, zomwe zimakomera abale athu ogwira ntchito zausiku m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba: kuweruka m'bandakucha n'kukadya chakudya cham'mawa dzuwa likutuluka, pamtengo wosaboola thumba ngati wa madzulo. Mbale yawo yodziwika ndi ntchafu ya bakha, dzira la bakha lokazinga ndi waffle (mtundu wa chitumbuwa chachizungu), n'kuthirapo manyuchi. Nyama ndi zotsekemera pamodzi, amayi ena angokankhira mbale kumbali, choncho afunseni kaye musanawaitanitsire. Khonde lapanja lili pansi pake, ku malo ena odyera otchedwa Sushisamba, pa nsanjika 38 ndi 39, koma imeneyo ndi bilu ina.

Ine ndikakhala ndi gulu la achibale, ana ndi agogo omwe, ndimasankha Sky Garden osaganiza kawiri. The Shard ndi ya anthu awiri pa tsiku lapadera, thumba litakonzekera. Duck & Waffle ndi ya m'mawa.

Kulikonse kumene mungapite, yang'anitsitsani bilu: malo ambiri otere ku London amawonjezerapo 12.5 peresenti kapena kuposerapo ya operekera zakudya, ndiye musaperekenso kawiri. Ndipo bukani molingana ndi dzuwa. Mu Disembala limalowa 4 koloko isanakwane, mu Juni limapitirira 9 koloko usiku, choncho tebulo la 7 koloko likhoza kukupatsani mdima wokhawokha kapena masana enieni, kutengera mwezi.