Keg ya gasi, pampu ya manja, cask kapena makreti: mowa wa pachinkhoswe tiutunge bwanji?

Nyengo ya zinkhoswe ndi maukwati ikafika kuno ku Manchester, foni yanga sipuma. Anthu anamva kuti ndinagwirako ntchito pa pub ina, m'chipinda chapansi momwe amasungiramo migolo ya mowa, ndiye aliyense amafunsa zomwezo: "Achimwene, tigule makreti kapena tibwereke keg?" Ndati ndiyankhe kamodzi pano, aliyense adziwerengere yekha.

Ndiyambe ndi bala langa, poti ndi limene linanditsegula m'maso. Ndisanayambe ntchito ya ku pub ija, achemwali anga anandisenzetsa udindo wa zakumwa pa chinkhoswe cha mwana wawo. Ndinapita pa shopu ina yobwereketsa zida za maphwando n'kutenga keg (mgolo wachitsulo wa mowa) ya malita 50, imene imatulutsa mapayinti pafupifupi 88. Wogulitsayo anandipatsa kapampu kachitsulo konga kopopera njinga, amvekere ingopopani, mowa uzituluka. Sananenenso china. Loweruka masana tinalimbana ndi thovu kwa ola lathunthu, chifukwa keg inali itagwedezeka m'galimoto komanso inali isanazizire. Chakumadzulo mowa unakhazikika, anthu anamwa, theka n'kutsala. Lamulungu ankhoswe a mbali zonse anabweranso kudzatsiriza zokambirana, ine mtima uli m'malo kuti chowalandirira chilipo. Nditangothira m'tambula yoyamba ndinadziwa kuti zavuta. Mowa unali utazizira mtima, wopanda thovu, ukununkha ngati katoni yonyowa. Malume ake a mnyamata analawa kamodzi, n'kuika tambula pansi mwaulemu, osalankhula kanthu. Manyazi a tsiku limenelo sanandichoke.

Lolemba ndikubweza zida ndi pomwe anandithira tsabola pachilonda. Dipoziti ya keg inali payokha, ya pampu payokha, zonsezo ndinkazidziwa. Chimene sanandiuze n'chakuti adzadula ndalama yotsukira pampu, komanso ya tsiku lochedwa kubweza, pomwe Lamulungu shopuyo inali yotseka. Mowa wotsala uja ndinawabwezera momwemo, malita oposa 20 amene ndinali nditalipira kale.

Ndinamvetsa chinachitika patapita chaka, nditayamba kugwira ntchito ndi munthu wachikulire amene anakalambira m'zipinda za mowa. Kapampu kaja kamakankhira mpweya wamba, womwe tikupumawu, m'kati mwa keg. Mu mpweyawo muli okosijeni, ndipo okosijeni ndi mdani wa mowa. Akangolowa, mowa umayamba kuguga, gasi wake n'kumathawa, ndipo pomafika mawa lake watha ntchito. Choncho pampu ya manja ya pamwamba pa keg ndi chida cha usiku umodzi basi. Ngati muli ndi chitsimikizo chakuti keg ithera pomwepo, mutha kuigwiritsa ntchito. Koma miyambo yathu sitha tsiku limodzi. Kuli odzathokoza, kuli odzatsuka mapoto, kuli alendo ochokera ku Leeds ndi ku London amene agona. Ine pampu imeneyi sindidzaitenganso, ndipo mnzanga aliyense ndimamuletsa.

Musaisokoneze ndi pampu ina ija, ya chogwirira chachitali chimene mumaona pa kauntala ya pub, wogulitsa akuchikoka pang'onopang'ono. Imeneyo ndi nkhalamba yolemekezeka. Kale ku England anyamata ankatsika ndi kukwera masitepe ndi majagi, kutunga mowa pansi kukapereka kwa omwa. John Lofting, munthu wochokera ku Netherlands amene ankapanganso mapampu ozimitsira moto, anali atalengeza kale makina okwezera mowa mu 1691, ndipo mu 1797 Joseph Bramah, katswiri wa maloko ndi makina oyendera mphamvu ya madzi, analembetsa pampu yake ya mowa. Pampu ya mtundu umenewu siikankha mowa ndi mpweya, imaukoka kuchokera mu cask (mgolo wa mowa wosakankhidwa ndi gasi), ngati mjigo ukukoka madzi pansi.

Mowa wa mu cask ndi umene ine ndimaukonda koposa, ndipo chifukwa chake n'chakwathu. Ndi mowa wamoyo. Sanausefe, sanautenthetse, yisiti ikadali m'kati ikugwira ntchito. Aliyense amene anaonapo agogo akufulula masese akudziwa kuti mowa wa mumtsuko uli ndi tsiku lake: dzulo unali wotsekemera, lero wapsa, mkuja wasasa. Chibuku cha m'katoni n'chimodzimodzi, n'chifukwa chake katoniyo ili ndi kabowo kopumira. Cask nayonso imapuma. Mowa ukamachoka, mpweya umalowa pa kabowo ka pamwamba kudzatenga malo ake, ndiye mukaitsegula muli ndi masiku pafupifupi atatu. Tsiku loyamba kuulawa uli pachimake ndinakumbuka kumudzi, ngakhale kakomedwe n'kosiyana kutalitali.

Komabe pa chinkhoswe sindingakulangizeni cask, ndipo ndikunena izi mtima ukuwawa. Cask wamba, imene amaitcha firkin, ndi ya magaloni 9, mapayinti 72. Imafuna igonekedwe pamalo pake, isagwedezeke kwa tsiku lathunthu kapena kuposa kuti matsokwe akhale pansi, ndiponso ikhale pozizira madigiri 11 mpaka 13. Holo yobwereka amakupatsani makiyi m'mawa wa tsiku lomwelo. Kuwonjezera apo, abale athu ambiri anakula ndi botolo lochita thukuta lochokera m'firiji. Mukawapatsa mowa wa cask adzati ndi wofunda ndiponso wopanda gasi, theka lidzatsala m'matambula, ndipo simungawadzudzule.

Keg ya gasi inabadwa pofuna kuthetsa vuto lenileni lomwe ife tili nalo. M'zaka za m'ma 1930 kampani ya Watney's ya ku London inayamba kupereka mowa wosefa, wotenthetsa pang'ono kuti tizilombo tife, wotsekera mumgolo wosalowa mpweya. Malo ena oyamba kuulandira anali kalabu ya tenesi ya ku East Sheen, komwe anthu ankadzaza kumapeto kwa sabata kokha, mowa wa mu cask n'kumawonongeka m'kati mwa sabata. Nzeru yake ndi yosavuta: m'malo mwa mpweya wamba, mowa uzikankhidwa ndi gasi wa CO2 wochokera mu silinda, gasi yemweyo amene mowa umapanga wokha pofulula. Okosijeni salowa. Keg yotereyi ikakhala pozizira imatha masabata angapo mowa uli bwinobwino. Chikhala kuti ndinabwereka silinda pa chinkhoswe chija, malume aja akanamwa mowa wofanana ndi wa dzulo lake.

Mbiri ya keg ili ndi chipsera, ndipo chipseracho chinadza ndi otsatsa malonda. M'zaka za m'ma 1960 mowa wa Watney's Red Barrel unali paliponse, ndi kamgolo kofiira kowala pa kauntala, ena kakulendewera ku makiyi awo. Taonani nzeru yake: kamgolo kooneka ngati ka matabwa, kokumbutsa zakale, pomwe mowawo ukuchokera m'chitsulo chokankhidwa ndi gasi. Mu 1971 anausintha dzina kukhala Watney's Red, n'kuutsatsa ngati kuukira kwa chikomyunizimu, ndi zithunzi za anthu ofanana ndi Mao, Khrushchev ndi Castro. Chaka chomwecho anyamata anayi a ku England ali patchuthi ku Ireland anayambitsa bungwe la CAMRA, lomenyera mowa wa mu cask, ndipo Red Barrel inasanduka dzina lotonzera mowa wopanda kukoma. Ine ndili mbali ya anyamata anayiwo pa nkhani ya kakomedwe. Koma cholakwa chinali mowa umene unathiridwa m'migolomo, osati mgolowo. Lero mowa wabwino wambiri ukubwera mu keg, ndipo lager imene abale athu amakonda ndi mmene iyenera kubwerera.

Zithunzi zotsatsa mowa zakale ndimazikonda, ndili nazo ziwiri pakhoma kunyumba. China ndi cha John Gilroy, amene ankajambulira Guinness m'zaka za m'ma 1930: mbalame ya toucan ya mlomo waukulu ija, imene inayamba kuoneka mu 1935. Anajambulanso bambo atanyamula chitsulo chachikulu cha nyumba pamutu ngati udzu, kutanthauza kuti mowawo umapatsa mphamvu. Kuyambira 1929 ankalengeza poyera kuti Guinness ndi wabwino m'thupi, mawu amene malamulo a masiku ano sangawalole. Ifenso kwathu tinakula tikuwerenga zikwangwani za Carlsberg zonena kuti mwina ndi mowa wabwino koposa padziko lonse, fakitale yake itatsegulidwa ku Blantyre mu 1968, yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark. Chimene ndaona n'chakuti zithunzi zonsezi zimakuonetsani tambula yodzaza ndi thovu lokongola, koma palibe chimodzi chimene chimakuonetsani paipi, silinda, kapena chimene chikukankha mowawo. Ine pa shopu paja ndinagula chithunzi cha m'mutu mwanga, osafunsa za kuseri kwake.

Tsono kuseriko n'kumene kuli misampha ya keg ya gasi, ndipo waukulu ndi coupler, kachitsulo kolumikiza keg ndi mapaipi. Keg yamakono ili ndi khomo limodzi pamwamba, lokhala ndi paipi yachitsulo yofika pansi: gasi amalowera m'mbali, mowa n'kukwera pakati. Kapangidwe kameneka ambiri amakatcha Sankey, dzina la kampani ya zitsulo ya ku Bilston, ku England. Vuto n'lakuti makomowa si ofanana. Pali mtundu wa S umene ma lager ambiri a ku Ulaya amagwiritsa ntchito, wa D wa ku America, wa A wa mowa wambiri wa ku Germany, wa G wa mowa wina wa ku Britain, ndi wa U wa Guinness. Mukagula keg kwina n'kubwereka zida kwina osafunsa chilembo, mudzafika m'holo ndi malita 50 osatseguka, alendo atakhala kale. Funsani chilembo, ndipo muone ndi maso anu coupler italowa musananyamule. Funsaninso kuti silinda ili yodzaza, kuti ndalama yotsukira ili m'kati mwa mtengo kapena ayi, ndi kuti Lamulungu amaliwerenga ngati tsiku. Zimenezi azilembe papepala.

Kuzizira nakonso: keg ifike dzulo lake, igone mu ayezi kapena ibwere ndi makina oziziritsira, apo ayi mudzatunga thovu lokhalokha. Silinda iimirire ndipo imangidwe, pamalo podutsa mphepo, chifukwa CO2 akatayikira m'kachipinda kotseka amakomola munthu osamva fungo.

Ena amandifunsa za Guinness wa pampopi. Musadzivute. Thovu lake losalala lija ndi ntchito ya Michael Ash, katswiri wa masamu amene anapeza njira yosakaniza nayitrojeni ndi CO2, n'kuitulutsa mu 1959 pomwe kampaniyo inkakwanitsa zaka 200. Imafuna silinda ya gasi wosakaniza, coupler yakeyake, ndi mpopi wokhala ndi kambale ka timabowo ting'onoting'ono. Kwa anthu asanu okonda mowa wakuda, gulani zitini zokhala ndi kachipangizo kapulasitiki m'kati, kotchedwa widget, kamene kanabwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Kamagwira ntchito yomweyo.

Timakeg ta malita 5 ndi ta pakhonde, si ta chinkhoswe, poti kamodzi sikakwana ngakhale mapayinti 9. Agogo ake anali Party Seven wa 1968, chitini cha mapayinti 7 chimene anthu ankachita kuboola, mowa n'kuthovokera kudenga. Ta masiku ano tokhala ndi gasi wakewake m'kati, ngati ka Heineken, timasunga mowa pafupifupi mwezi mutatsegula. Tina tongokhala ndi kampopi pansi ndi kabowo pamwamba timalowetsa mpweya, ndiye n'chimodzimodzi ndi pampu yanga ija.

Atsala makreti, amene anthu amawaderera ngati achikale. Chitsekerero cha mano chija, chimene William Painter anatulukira ku Baltimore mu 1892, chinathetsa nkhani ya mpweya kalekale: botolo lililonse ndi kamgolo pakokha, ndipo lomwe silinatsegulidwe lidzadikira ubatizo wa mwana. Aliyense amasankha mtundu wake, amalume lager, azakhali cider, osamwa Fanta, zonse m'bafa limodzi la ayezi. Choipa chake ndi kunyamula, zinyalala, ndi mabotolo osiyidwa theka pansi pa mipando.

Ndiye mukandiimbira yankho langa ndi ili. Ngati omwa mowa sakupitirira 40, kapena amakonda mitundu yosiyanasiyana, gulani makreti mugone tulo. Ngati ndi khamu lomwa lager imodzi ndipo mwambo udzafika tsiku lachiwiri, bwerekani keg ya malita 50 pamodzi ndi silinda, coupler ndi choziziritsira, zonse pamalo amodzi, ndipo pakhale munthu mmodzi wosamwa woyang'anira mpopi. Wogulitsa akatulutsa kapampu kopopa ndi dzanja n'kunena kuti n'kotchipa, mubwezereni. Mwezi wa mawa mwana wachiwiri wa achemwali anga akuchita chinkhoswe, ndipo udindo wa zakumwa andipatsanso ine. Ndaitanitsa keg imodzi ya gasi ndi makreti 6, ndipo malume aja ndawasungira mpando pafupi ndi mpopi.